Katuni ya madayinoso: mmene mungaionere ndi ana, kenako n'kutuluka nawo panja

M'mawa wina kusukulu yathu ya mkombaphala kuno ku Mangochi, kamnyamata ka zaka 5 kanalowa pabwalo kakuyenda motang'adza, timanja katapinda pachifuwa, kukamwa yasa, kakubangula. Anzake anangoti balala uku akuseka. Nditakafunsa chimene chachitika, kanati, "Aphunzitsi, ine ndine T. rex." Dzulo lake kanali kataonera katuni pafoni ya amalume ake. Ndinakafunsanso kumene chinyamacho chinkakhala, ndipo kanayankha mosakayika kuti ku America. Pamenepo kanalondola ndithu, chifukwa mafupa a T. rex, imodzi mwa nyama zakalekale zotchedwa madayinoso, amapezeka ku North America. Koma nditati, "Nanga kwathu kuno kunali madayinoso?" kanapukusa mutu. "Ayi aphunzitsi, kuno kuli ng'ona basi."

Yankho limenelo linandikhala pamtima. Dziko lathu lili ndi dayinoso yotchedwa dzina la dziko lomweli, Malawisaurus, ndipo mafupa ake anakumbidwa ku Karonga, m'mbali mwa nyanja yomweyi imene ife timadyamo chambo. Koma mwana wathu ankadziwa ya kutali yokha. Kuyambira pamenepo ndinasintha kaonetsedwe kanga ka makatuni amenewa, ndipo zimene ndalemba pano n'zimene timachita ndi ana a zaka zapakati pa 3 ndi 7. Kholo, agogo kapena mlezi mnzanga akhoza kuzichita pakhomo. Zofunika ndi foni kapena TV, mchenga, dongo, chingwe, ndi munthu wamkulu wolola kukhala pamphasa limodzi ndi anawo.

Yambani mwaionera nokha

Makatuni a nyama zakalekale ali mitundu iwiri. Ena amangofuna kuseketsa, ndipo amaika munthu wovala chikopa atakwera pamsana pa dayinoso ngati bulu. Ena anapangidwa mothandizidwa ndi akatswiri a mafupa akale, ndipo amasamala kuti mwana asatolepo bodza. Amene mukufuna ndi achiwiriwa. Chizindikiro chofulumira n'chakuti ngati m'katunimo anthu akukhala limodzi ndi madayinoso, katuniyo si yophunzitsira, ngakhale itakoma bwanji.

Chitsanzo cha yopangidwa mosamala ndi Dinosaur Train, imene inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya ana ya PBS Kids ku America mu 2009. Anaiyambitsa ndi Craig Bartlett mogwirizana ndi kampani ya Jim Henson. Nkhani yake ndi ya kamwana ka T. rex kotchedwa Buddy, kamene kanaswedwa m'chisa cha banja la nyama zakale zouluka zotchedwa Pteranodon n'kuleredwa momwemo. Banjali limakwera sitima yapamtunda yodutsa m'phanga la nthawi kukacheza ndi nyama za nyengo zitatu, za Triassic, Jurassic ndi Cretaceous. Nkhani ikatha pamabwera katswiri weniweni, Dr. Scott Sampson, kudzafotokoza zimene mafupa amasonyeza. Ana athu ambiri akuleredwa ndi agogo, azakhali kapena amalume, choncho za mwana wokulira m'chisa cha ena sachita kufotokozeredwa. Amazimva msanga kuposa ife akuluakulu.

Kaya mwakopera pa intaneti ndi bandulo yanu, kaya mwakabenetsa pa memori khadi kwa anyamata obena nyimbo kumsika, onerani gawo lonse musanalipereke kwa mwana. Pamakhadi otere nthawi zina pamalowa mafilimu a akuluakulu, a zinyama zong'amba anthu, ndipo mwana wa zaka 4 akaona zimenezo tulo timamuthawa. Mukamaonetsa, zimitsani data kuti vidiyo ina isadziyambe yokha. Pamene mukuonera nokhapo, sankhani mawu atatu okha amene mudzaphunzitse tsiku limenelo, n'kukonzekera mmene mudzawanenere m'chinenero cha kunyumba.

Pimani nthawi

Malangizo amene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepetsa kukhala kwabwino koposa. Nkhani imodzi ya katuni ndatchulayi imatenga mphindi pafupifupi 11. Imodzi yokha ndi yokwanira. Muuzeni mwana musanayambe kuti, "Tionera imodzi, kenako tituluka," kuti kulira kusadzabuke pozimitsa.

Ine ndimakonda chakumadzulo, dzuwa litapendeka. Aliyense wokhala ku Mangochi akudziwa mmene mchenga umaotchera mapazi masana a mu Okutobala, ndipo ntchito yathu yaikulu ili panja. Tchajani foni nthawi ilipo, muitsamiritse pa chitini kapena pa njerwa, ana akhale patali pang'ono. Musaipereke m'manja mwa mwana mmodzi, chifukwa pamenepo phunziro lasanduka ndewu.

Khalani nawo pansi, chala chili pa batani loimitsira

Makatuni amenewa ambiri ndi a Chingerezi chothamanga. Mwana amene kunyumba amalankhula Chichewa kapena Chiyao akasiyidwa yekha amangotolapo kubangula ndi nyimbo. Womasulira ndinu. Imitsani kawiri kapena katatu, osapitirira apo, n'kufunsa zooneka ndi maso: chinyamachi chikuyenda ndi miyendo ingati? Mano ake ndi osongoka ngati a galu kapena ophwatalala ngati a mbuzi? Ndiye chimadya chiyani? Mwana akayankha m'Chiyao kuti chikufanana ndi ngwena kapena nguku, landirani yankholo momwemo, kenako munene kuti ng'ona, nkhuku.

Katuni ikatha timasewera masewera amene ana anawatcha okha kuti "zoona kapena nthano". Ndimanena chinthu chimodzi, iwo n'kuthamangira kumtengo wa mango ngati chili choona, kapena kukhonde ngati chili cha nthano. Madayinoso ankaikira mazira: zoona. Madayinoso ankakwera sitima: nthano. Ena ankadya masamba okha: zoona. Ankalankhula n'kumaimba nyimbo: nthano. Musaope kuti mwana asokonezeka. Mwana amene anamvapo "Padangokhala" n'kuyankha kuti "Tili tonse" amadziwa kale kuti Kalulu wa m'nthano amanyenga Fisi ndi mawu, koma kalulu wa kutchire salankhula. Mukungomuthandiza kuti nzeru yomweyo aigwiritse ntchito pa sikirini.

Pali chizolowezi chimodzi cha m'katuniyi chimene ndinachitola n'kuchisunga. Buddy akakumana ndi chinthu chachilendo amayamba wanena ganizo lake, kenako n'kufufuza ngati lili loona. Ife timati, "Ine ndikuganiza kuti... tiyeni tikaone." Mwana akaganiza molakwa musamudule. Mufunseni chimene waona chomuganizitsa choncho.

Tsopano auzeni za yathu

Zimitsani foni, muike m'thumba, mutuluke. Nkhani ya Malawisaurus muinene ngati mmene agogo amanenera mbiri ya mudzi. Kalekale, zaka pafupifupi 120 miliyoni zapitazo, kumene lero kuli Karonga kunkayenda chinyama cha miyendo inayi yonga mizati, cha khosi lalitali, mutu waung'ono ndi mchira wautali. Chinkadya zomera. Nyanja yathuyi kunalibe, ndipo Africa ndi South America anali akungoyamba kumene kulekana. Abale ake a chinyamachi mafupa awo amapezeka ku Argentina ndi ku Brazil.

Kwa inu akuluakulu, mbiri yake ndi iyi. Mafupa oyamba anatoledwa m'zaka za m'ma 1920, ndipo Sidney Haughton anawafotokoza mu 1928, n'kuchipatsa chinyamacho dzina lokumbukira Frank Dixey, katswiri wa miyala amene ankagwira ntchito mu Nyasaland. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, gulu la Louis Jacobs wa ku America pamodzi ndi akatswiri a boma la Malawi linakumbanso kudera la Mwakasyunguti, ndipo mu 1993 chinyamacho chinapatsidwa dzina la Malawisaurus dixeyi. Chimalemekezedwa pakati pa akatswiri chifukwa panapezeka zidutswa za chigaza chake, zimene sizipezekapezeka pa nyama za mtundu umenewu. Mawu akuti "saurus" ndi a Chigiriki, otanthauza buluzi, ngakhale kuti madayinoso sanali abuluzi.

Dzina limene sindilephera kutchula, makamaka pamaso pa atsikana, ndi la Dr. Elizabeth Gomani Chindebvu, mayi wa ku Malawi konkuno. Iyeyu ndi amene anafotokoza ndi kutcha dzina dayinoso yachiwiri ya kwathu, Karongasaurus, mu 2005, ndiponso kachibale kakang'ono ka ng'ona kotchedwa Malawisuchus mu 1997. Tsiku lina nditanena zimenezi, kamtsikana kena kanafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye ankakumba atavala chitenje?" Ndinaona kuti m'mutu mwake chithunzi cha katswiri chasintha kale, wakhala munthu wooneka ngati amayi ake.

Kenako jambulani chinyamacho pansi pa msinkhu wake weniweni. Akatswiri amati chinali chotalika mamita oposa 10 kuchokera kumphuno kufika kunsonga ya mchira. Ponyani mapazi aakulu 11 kapena 12, mulembe poyambira ndi pothera, n'kujambula ndi ndodo: mutu waung'ono, khosi, thupi lonenepa pakati, mchira wopita ukuwonda. Ana agone motsatana m'kati mwake, mutu wa wina kumapazi a mnzake, muwerenge kuti alowamo angati. Pa TV dayinoso imakhala yaing'ono ngati chikhatho. Apa mwana amaiyenda ndi miyendo yake kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo amafika kumapeto maso ali tong'o.

Chingwe cha nthawi

Iyi ndiye ntchito imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ndipo ndimaibwereza kangapo pachaka. Mwana samva kanthu mukamuuza kuti "mamiliyoni". Kwa iye kalekale ndi nthawi imene agogo anali mtsikana. Nthawi iyenera kusanduka mtunda woti auyende.

Pezani chingwe chotalika mamita 25. Cha ukonde wakale chimachita bwino, choyanikira zovala nachonso, ndipo ngati palibe lembani mzere pansi. Mangani nsonga imodzi kumtengo. Mtengowo ndi lero. Phazi lalikulu lililonse limene muponye kuchoka pamtengo, la pafupifupi mita imodzi, likuimira zaka 10 miliyoni kubwerera m'mbuyo. Tengani tinsanza ta mitundu yosiyanasiyana tomangira pachingwe.

Yambirani kutali. Yendani mapazi 23, ana akuwerenga mokweza, mumange kansanza koyamba. Apa ndi pamene madayinoso oyamba anaonekera, zaka pafupifupi 230 miliyoni zapitazo, m'nyengo ya Triassic. Bwererani chakumtengo. Pa phazi la 20 pakuyambira Jurassic. Pa phazi la 15 mangani kansanza ka Stegosaurus, yokhala ndi zinthu zonga mbale zoimirira pamsana ija, imene ana amaikonda. Mukangodutsa pang'ono mwalowa mu Cretaceous, ndipo pa phazi la 12 mangani kansanza kowala kuposa tonse, ka Malawisaurus. Pitirirani mpaka phazi la 7, pa T. rex. Patsogolo pake pang'ono chabe, pa mapazi 6 ndi theka, mangani kansanza kakuda. Apa, zaka 66 miliyoni zapitazo, madayinoso akuluakulu onse anatha.

Imani pamenepo, muimike mwana mmodzi pa Stegosaurus, wina pa T. rex, wachitatu pamtengo. Afunseni kuti mtunda wautali ndi uti. Adzaona okha kuti kuchokera pa Stegosaurus kufika pa T. rex ndi patali kuposa kuchokera pa T. rex kufika kwa ife. Nyama ziwirizi sizinakumanepo. M'katuni zimaonana chifukwa cha sitima ya m'nthano ija, ndipo tsopano mwana akumvetsa chifukwa chake sitimayo imafunika phanga la nthawi.

Kuchokera pakansanza kakuda, yendani pang'onopang'ono muli chete. Phazi limodzi, palibe munthu. Lachiwiri, palibe munthu. Lachitatu, lachinayi, lachisanu, kuli zii. Ana amayamba kutekeseka: "Aphunzitsi, nanga anthu ali kuti?" Auzeni adikire. Nyanja ya Malawi yomwe ikubwera m'kati mwa phazi lomaliza. Mukafika pamtengo, vulani patapata wanu mumugoneke m'mbali mwa chingwe, chidendene chake chitagunda mtengo. Pamene pathera nsonga yake ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Umenewu ndi msinkhu wa chibwano cha munthu wakalekale wa mtundu wa Homo rudolfensis, chimene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha, m'boma la Karonga lomwelo, mu 1991. Anthu a mtundu wathu weniweniwu, amene anayamba zaka pafupifupi 300,000 zapitazo, akukwana pa zala ziwiri zogundana pafupi ndi khungwa la mtengo. Mbiya zakale za ku Nkope, m'boma lathu lomwe lino, zimene zinaumbidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, malo ake pachingwe sakufika n'kuchindikala kwa chikhadabo komwe.

Kamnyamata kobangula kaja kanayang'ana zala zanga ziwiri, kenako kanayang'ana kutali kumene kunali kansanza koyamba. Kanati, "Ndiye agogo a agogo anga sanaione?" Ndinati ayi, palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaionapo ili moyo. "Nanga anadziwa bwanji kuti inaliko?" Funso limenelo ndi limene mukulifuna, chifukwa likutsegula ntchito ya tsiku lotsatira.

Kuumba ndi kukumba

Dongo mukatape nokha akuluakulu. Musatume ana kumtsinje, Shire ali ndi ng'ona. Sonkhanitsani msana wa chambo wotsala pa nkhomaliro, muutsuke n'kuthyola minga yakuthwa, zigoba za nkhono zopanda kanthu zimene zauma padzuwa, tsamba la mango la mitsempha yooneka bwino, ndi nthenga. Mchenga ukhale wouma, wa kumtunda. Masewerawa sakufuna kuti mwana alowe m'madzi osayenda momwe muli nkhono za likodzo.

Mwana aliyense aumbe kachitumbuwa ka dongo kophwatalala, adindepo chinthu chimodzi, achichotse mosamala. Chotsala ndi chidindo. Yanikani pamthunzi masiku awiri, chifukwa dzuwa la kuno limang'amba dongo likauma mothamanga. Zikauma, tengani beseni lalikulu, ana asakuona. Ikani zidindo zina pansi penipeni, thirani mchenga, kenako dothi lakuda pang'ono, ikani zina, thiraninso mchenga pamwamba. Mwapanga miyalo ngati imene imaoneka m'mbali mwa chigwembe chokumbidwa ndi madzi.

Zida zokumbira ndi supuni ndi mswachi wakale. Lamulo ndi limodzi: ukaona nsonga ya chinthu, usachizule, sesa mchenga wozungulira mpaka chionekere chonse. Pamenepa ndi pomwe ndimawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo poti zigoba za nkhono zili m'beseni momwemo, mwambiwo amaugwira. Wopeza chinthu ayambe wanena ganizo lake asanachitulutse: ndi cha nyama yanji, wadziwa bwanji? Kenako afunseni kuti chimene chinalowa m'beseni poyamba ndi chiti, cha pansi kapena cha pamwamba. Akayankha kuti cha pansi, agwira mfundo imene akatswiri amagwiritsa ntchito podziwa chakale ndi chatsopano m'miyala.

Mmene fupa limasandukira mwala mufotokoze mwachidule. Nyama inafera pafupi ndi mtsinje, matope anaikwirira msanga afisi a nthawi imeneyo asanamwaze mafupa. Ndikati afisi ndimafulumira kuwonjezera kuti anali nyama zina zodya zakufa, poti afisi enieni kunalibe. Matope ena anabwera pamwamba, zaka n'kumapita, matopewo n'kuuma kukhala mwala. Madzi oyenda pansi anasiya timchere ta m'nthaka m'timabowo ta fupa mpaka fupalo linalemera ngati mwala. Patapita nthawi yaitali nthaka inang'ambika n'kupanga chigwa chachikulu chimene muli nyanja yathu, miyala yakale inatukuka, mvula n'kumaikokolola mpaka mafupa anaonekera.

Nkhuku ya pakhomo

Tsiku lina gwirani nkhuku yofatsa, ana ayang'ane miyendo yake pafupi. Ili ndi mamba. Zala zitatu zaloza kutsogolo, chimodzi kumbuyo, zonse zili ndi zikhadabo. Ngati mwagula zipalapasiro, dindani chimodzi padongo, kapena nyowetsani mchenga nkhuku idutsepo. Fanizirani chidindocho ndi phazi la T. rex m'katuni. Mbalame zinachokera ku madayinoso a miyendo iwiri, ndipo akatswiri amaziwerengera m'banja lomwelo. Ku China, kuyambira mu 1996, kwapezeka madayinoso ambiri amene zizindikiro za nthenga zawo zinasungika m'mwala. Choncho kansanza kakuda kaja sikanathetse onse. Nkhwazi imene imalira pamwamba pa nyanja ndi kakowa woyenda m'mbali mwa ng'ombe ndi otsala a banja limenelo.

Ng'ona ndiye imasokoneza ana ambiri, chifukwa maonekedwe ake ndi akalekale. Ndi msuweni wa madayinoso, koma si dayinoso. Kusiyana kwake kuli pa miyendo. Uzani ana akwawe ngati buluzi, zigongono zitatuluka m'mbali, mimba ili pafupi ndi dothi. Kenako aime ndi manja ndi miyendo ngati mbuzi, zonse zili pansi pa thupi. Dayinoso inkaima ngati mbuziyo. Nayo Pteranodon youluka ija si dayinoso, ndi m'bale wina wa mapiko a chikopa. Izi zokha n'zokwanira kwa mwana wa mkombaphala.

Mafunso obwera usiku

Ena adzafunsa kuti zinyamazo zinafa bwanji. Nenani zoona mofatsa. Mwala waukulu wochokera kumwamba, wotambalala makilomita pafupifupi 10, mtunda woyenda maola awiri wapansi, unagwa kumene lero kuli Mexico. Fumbi linaphimba dzuwa, kunazizira, zomera zinafota, ndipo nyama zikuluzikulu zinasowa chakudya. Mwana akachita mantha, mutengereni pachingwe m'mawa mwake, aone kutalika kwa mtunda kuchokera pakansanza kakuda kufika pamtengo. Akaopa kuti dayinoso ibwera pawindo, mukumbutseni kuti imene yatsala ndi ija ili m'khola, yoikira mazira a kadzutsa.

Ana athu ena akaweruka amapita ku madrasa, ena Lamlungu ali ku Sande sukulu, ndipo funso lakuti ndani analenga zinyamazi silichedwa kubwera. Ine sindilikankhira kumbali, komanso sindilanda udindo wa makolo. Ndimati za Mlengi akafunse amayi, abambo ndi aphunzitsi a chipembedzo chawo, ndipo zimene tikuphunzira pano ndi zimene mafupa ndi miyala zikutionetsa. Ndi bwino kuwadziwitsiratu makolo zimene mukuphunzitsa, kuti asadzadabwe mwana akafika kunyumba n'kuloza nkhuku kuti ndi dayinoso.

Kukaona ndi maso

Pafupi ndi ife pali Lake Malawi Museum, ku boma, chakufupi ndi nsanja ya wotchi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Si ya madayinoso, ndi ya mbiri ya nyanja ndi anthu ake, koma ndi malo abwino oti mwana aphunzire kuti zinthu zakale zimasungidwa, zimayang'anidwa ndi maso, sizigwiridwa. Muuzeninso kuti akadzapeza chigoba cha mbiya yakale kapena fupa lolemera ngati mwala, asakumbe ndipo asatenge. Auze munthu wamkulu, iyeyo adziwitse a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, chifukwa chinthu chikachotsedwa pamalo pake mbiri yake yambiri imatayika.

Ngati katuni imene mwapeza ndi ya anthu a m'mapanga osati ya madayinoso, njira ndi yomweyi, koma ntchito ya panja ikhale yojambula. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula ndi Akafula, zoyera ndi Achewa. Sungunulani katondo ndi phulusa m'madzi, ana ajambule ndi zala pa mwala wophwatalala wa pakhomo.

Karonga ndi kutali, ulendo wake si wa tsiku lililonse. Koma ngati mwayi utapezeka, wa ukwati, wa ntchito kapena wokaona abale kumpoto, mwanayo asatsale. Ku Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, kuli chifaniziro cha mafupa onse a Malawisaurus chitaimikidwa pa msinkhu wake, ndipo zoonetsa zake zimayambira pa madayinoso, kudutsa pa anthu oyambirira, mpaka pa nthawi ya demokalase. Musanachoke kunyumba, dulani kachingwe kofanana ndi msinkhu wa mwanayo, akaike m'thumba. Mukakafika, aime chapatali pang'ono ndi mwendo wakutsogolo wa chinyamacho, atambasule kachingwe kake, anene ganizo lake kuti tizingwe totere tingalowe tingati kuchokera pansi kufika paphewa, kenako muwerenge limodzi.